Bokosi la Apongozi pa Njinga Yopanda Mabuleki

Mpaka lero, mitambo ikayamba kusonkhana kumapiri a ku Thyolo, kakolo wa mwendo wanga wakumanzere amandikumbutsa za tsikulo. Anthu a kwa Makhuwira anandikhululukira kalekale, koma kukhululuka ndi kuiwala n'zosiyana. Ndikamadutsa pamsika pa njinga, sipalephera kupezeka wina wofuula kuti, "Aphunzitsi, mabuleki alipo?"

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo ndinakwatira komweko. Ndili ndi nthenda imodzi: ndikakonda liwu, ndimafuna aliyense alikonde. Liwu limene linandigwira mtima ndili ku koleji ndi la Chigiriki, kinesisi, kutanthauza kuyenda kapena kusuntha. M'menemo ndi momwe munachokera kinetiki, dzina la mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chikamayenda. Ngakhale kanema amene ana amaunjikana kukaonera pamsika, gwero la dzina lake ndi lomwelo, zithunzi zoyenda. Ndikayamba zimenezi ana asukulu ankayasamula, ndipo mkazi wanga ankanyamuka kukatunga madzi (ngakhale zidebe zonse zili zodzaza).

Munthu mmodzi yekha ankanditchera khutu: apongozi anga aamuna. Anali mlimi wa thonje, munthu wamanja olimba, koma m'zaka zawo zomaliza anadwala matenda onjenjemera. Kudzuka pabenchi yawo yapakhonde inali ntchito, ndipo kuyenda kukafika pamtengo wa nimu unali ulendo. Nditapita nawo kuchipatala ku Blantyre, dokotala anatchula liwu lalitali. Tili m'minibasi pobwerera, tikutsika mapiri, anandikodola.

"Apongozi, dokotala uja wati ndili ndi chiyani?"

"Wati bradikinesiya, bambo. Bradi ndiye kuti pang'onopang'ono, kinesisi ndi kuyenda kuja. Kuyenda pang'onopang'ono."

"Basi? Ulendo wonsewu kudzandiuza zimene nkhuku zanga zikudziwa kale?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga munthu akasiyiratu kuyenda, Agiriki anuwo amati chiyani?"

"Akinesiya."

"Imeneyo ikadzandipeza, musadzandithamangitse. Ndazolowera mayendedwe angawa."

Anatisiya mu Okutobala, nyengo imene dzuwa la kuchigwa limawotcha ngakhale pamthunzi. Amene anakhalako kuno akudziwa kuti m'kutentha kotere thupi silidikira. Akuluakulu anagwirizana kuti maliro aikidwe dzuwa lisanapendeke, koma bokosi linali lidakali kwa kalipentala, kumtunda, kutsidya la mtsinje wouma. Ngolo ya ng'ombe inali itapita kukatenga nkhuni.

"Dikirani ngolo, alamu," anatero a Zuze, achimwene a mkazi wanga. "Ikangotsitsa nkhuni tipitira limodzi."

Koma ine mtima sunkakhazikika. Ana awo ankalira poyera, ine mkamwini ndinkangozungulira ndi mipando, osagwetsa msozi. Ndinkafuna kuwachitira kanthu komaliza ndi manja anga. Ndinapempha njinga kwa munthu wina woyandikana nafe, poti yanga inali yophwa tayala.

"Tengani, koma mabuleki nkhabe," anatero mwini wake, kutanthauza kuti mabuleki palibe. "Muziponda tayala."

Ndinagwedeza mutu. Kuno palibe chachilendo pamenepo: munthu amatambasula mwendo, n'kukanikiza patapata patayala lakutsogolo, njinga n'kuima. Chimene sindinaganize n'chakuti ine sindinavale patapata. Ndinali nditavala nsapato zanga zachikopa, zosalala kunsi ngati mbale, zimene ndimasungira maukwati ndi maliro. Popita msewu unali wokwera wokhawokha, choncho mabuleki sindinawasowe.

Kalipentala anandithandiza kupingasa bokosi pakaliyala, n'kulimanga ndi malegeni. Linali bokosi labwino, lonunkhira vanishi, ndipo anandiuza kuti matabwa ake athera pomwepo. Poyamba ndinkakankha njinga mwaulemu. Anthu ankapatuka m'njira, abambo n'kuvula zipewa. Koma nditayang'ana pamene panafika dzuwa, ndinaganiza za thupi lija m'nyumba yamalata, ndipo ndinakwera.

Kunena zoona, chigawo choyamba chinandikomera (Mulungu andikhululukire). Kamphepo kankandiwomba, ndipo ndinkadziona ngati mkamwini wothandiza. Kenaka msewu unayamba kuweramira kumtsinje. Chaka chilichonse ndimalemba pabolodi kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kinetiki imawirikiza kanayi, komanso kuti katundu wolemera amaiwonjezera. Ndinazikumbukira bwino lomwe zonsezo, koma ndinazikumbukira ndili kale pakati pa chitsikiro.

Ndinatambasula mwendo n'kuponda tayala. Nsapato inangoterereka. Ndinapondanso mwamphamvu, inalira kuti fwiii, ndinamva fungo la chopserera, kenaka inavuka n'kuulukira m'munda wa mapira. Bokosi kumbuyo linayamba kugwedeza njinga uku ndi uku. Kumtsinjeko amayi ena ankatunga madzi m'zitsime zokumba mumchenga, ndipo ndinangokwanitsa kufuula kuti, "Zikomo! Zikomo kumeneko!" (ulemu sunandithere, zina zonse zinali zitatha).

Tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga, njinga n'kuima nji. Ine ndi bokosi tinapitiriza ulendo. Ndinagwa chammbali, mwendo utapindikira pansi, ndipo ndinamva phokoso limene sindidzaliiwala, bokosi likumenya mwala.

"Mayo ine! Maliro agwa!" Amayi aja anabalalika, zidebe n'kuzisiya.

Ndinakwawa kukafika pamene linagwera. Chivindikiro chinali pachokha, ndipo thabwa la mbali imodzi linali litang'ambika kuchokera kumutu mpaka pakati, moti dzanja linkalowa. Pamenepo misozi imene ndinaisunga kuyambira m'mawa inatuluka. Ndinalira ngati mwana, nditakumbatira bokosi lopanda munthu. Bambo amene ankandimvetsera aja ndinali nditawaswera nyumba yawo yomaliza, ndipo ina panalibe.

Amayi aja ataona kuti m'bokosi mulibe munthu anabwerera. Mmodzi anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuphimba pong'ambikapo. Posakhalitsa ngolo inatulukira, a Zuze ali patsogolo. Anayang'ana bokosi, anayang'ana njinga, anayang'ana phazi langa lotupa lopanda nsapato. Ndinkalakalaka atanditukwana, koma anangoti, "Gwirani phewa langa, alamu."

Motero ndinalowa pamaliro nditagona m'ngolo pambali pa bokosi. Mkazi wanga atandiona anakuwa, poganiza kuti maliro awiri afika. Nditadzutsa mutu, kulira kwa anthu kunadukiza, ndipo ndinaona amayi ena akubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Sindinafunse ngati kunali kulira.

Adzukulu, anthu okumba manda aja, anazungulira bokosi akupukusa mitu. Kuika munthu m'bokosi loonetsa m'kati chikanakhala chipongwe choti banja n'kumanenedwa nacho mpaka kale, ndipo nthawi yokafuna thabwa kwina panalibe. Apo apongozi anga aakazi anatuluka m'nyumba ya siwa, atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Ndinayesa kugwada, mwendo unakana.

"Amayi, ndalakwa. Ndinafulumira."

"Mlandu nkhabe, baba," anatero, mawu atasasa. Anatembenukira kwa adzukulu. "Zulani thabwa pabenchi yawo ija. Akhalapo zaka zonsezi, lipite nawo."

Analizula, analicheka, analikhomera pong'ambika paja. Linali thabwa lotuwa, losalala chifukwa chokhalidwa, ndipo pabokosi lonyezimira lija linkaonekera patali. Inali benchi yomwe ija tinkakhalapo awiri madzulo, ine ndikuwatopetsa ndi Chigiriki.

Nthawi yonyamuka itakwana, ndinati nditsale, poti sindikanatha kuyenda. Apongozi aakazi anatuma munthu kukatenga ndodo ya malemu, n'kundipatsa m'manja.

"Mwini wake sakuifunanso. Tiyeni, mukawaperekeze." Kenaka anauza onyamula bokosi kuti, "Muziyenda monga akuyendera aphunzitsiwa. Asatsale."

Ndipo zinaterodi. Ine kutsimphina ndi ndodo, bokosi pambali panga, khamu lonse pambuyo, amayi a kwaya akukoka nyimbo kuti igwirizane ndi mapazi. Mtunda woti munthu wabwinobwino sachedwa nawo tinauyenda ngati mmene malemu ankayendera popita pamtengo wa nimu. Tili pakati pa njira ndinakumbukira mawu a m'minibasi aja, ndipo misozi inayambiranso. Anapempha kuti tisadzawathamangitse, ndipo pomaliza palibe anawathamangitsa. Kungoti panafunika mwendo wanga kuti pempho lawo limveke.

Kodi ndinaphunzirapo kanthu? Pachitsikiro paja ndimatsika n'kukankha, ngakhale njinga ikhale ya mabuleki atsopano. Koma nthenda ya mawu ija sinandichoke. Ndikapeza liwu lina lochokera ku kinesisi, mtima umadumphabe, ndipo ndimapezeka ndafika pakhonde paja ndisanaganize. Benchi ikadalipo. Ndimakhala pathabwa lotsalalo, pafupi ndi mpata uja, n'kulitchula liwulo chapansipansi, pang'onopang'ono.