Musakhudze Ndere Zathu

Lolemba

Sefa ya madzi ya gulu lathu yafika kwathu ku Area 23! Yamikani, mtsogoleri wathu, akuti ku hositelo kulibe malo. Ndimafuna kukana, pakamwa pangotuluka "chabwino".

Ndi zidebe ziwiri zosanjikiza. Chapamwamba miyala ndi mchenga, chapansi makala. Ukathira madzi akuda, pa kampopi amatuluka oyera. Mphamvu yake yagona pa ndere zomera pamwamba pa mchenga, ndi zimene zimadya tizilombo. Tazilera semesita yonse ngati khanda.

Loweruka a lekichala akubwera kudzayeza. Ikakanika, gulu lonse tibwereza kosi. Ntchito yanga: kuthira madzi a m'ngalande m'mawa, ndi kuletsa anthu kukhudza. Zophweka!

Lachiwiri

Amayi andipeza ndikutunga m'ngalande kuseri kwa msika. "Yunivesite yake ndi imeneyi? Anthu aziti mwana wanga wazungulira mutu!"

Ndawafotokozera za ndere bwinobwino. Asuzumira m'chidebe, agwira mphuno.

Ndamata pepala: MUSAKHUDZE. Zilembo zokongola, mzere pansi.

Lachitatu

Pepala lija laitana mpanda wonse. Ana akupikisana kukhudza n'kuthawa. Aneba ayanika thewera pa kampopi.

Kenako a landilodi, omwe akumata khonde lawo. "Mwanawe, kamchenga kosefa bwino chonchi kazingokhala?" Atapa mbale yodzaza, ine ndili chiimire pomwepo. Ndati "zikomo". ZIKOMO! Ndikuthokoza chiyani?

Theka la ndere lilipobe. Tipulumuka.

Lachinayi

Ndauza Amayi kuti a lekichala akubwera pakhomo pano. Ndikanangokhala chete.

Makatani achapidwa. Makapu a m'kabati, amene sindinamwerepo chibadwire, atuluka. Chitseko nacho chakolopedwa.

Yamikani pa foni: "Mwana wathu ali bwanji?" Ndayankha kuti ali bho.

Lachisanu

Ndabwerako ku kalasi, ndapeza chidebe chikuwala ngati chogula lero. Amayi achikwecha ndi sitiliwulu. Mchenga autsuka ndi sopo wa ufa, aubwezeramo, ausalaza ndi chikhatho.

"Munthu wophunzira adzaone zobiriwira zonunkha zija pakhomo panga? Ndakuchotsa manyazi, mwana wanga."

M'mutu ndinali ndi mawu ambiri, a Chizungu omwe. Ndangoti, "Mwatopa nazo, Amayi."

Uthenga wopita kwa Yamikani ndalemba, ndafufuta, ndalembanso, ndafufuta. Kodi ndere sizingamere ndi pemphero?

Loweruka

Sizingamere.

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Anzanga afika atavala masuti, a lekichala ndi timabotolo tawo. Mpanda wonse wabwera kudzaonerera, a landilodi kutsogolo.

Yamikani wathira madzi a m'ngalande, watsegula kampopi monyadira. Thovu! Thovu lokhalokha, lonunkhira ngati zovala za kutchalitchi. Ana awomba m'manja.

A lekichala atsegula chidebe chapansi. Mulibe kanthu. "Nanga makala ali kuti?"

Amayi atulukira ndi thireyi, agwada. "Magetsi anathima, bambo. Imwani tiyi asanazizire."

A lekichala amwa. Makapu awiri. Projekiti yathu yawaphikira tiyi!

Potsanzika ati, "Sefa yoti siingathe sabata pakhomo pa anthu mwapangira ndani?" Yamikani akundiyang'ana. Ine ndikuyang'ana khonde la a landilodi. Lasalala bwino ndithu.

Lamulungu

Tibwereza kosi. Pa gulu la pa foni palibe akundiyankha, kupatula mmodzi yemwe watumiza chithunzi cha sopo.

Ndayamba kujambula sefa ina: chivindikiro cha loko, makala obisika, ndere zosaoneka ndi maso a Amayi. Kukana akuluakulu ndiye sindikudziwa kuti kumaphunzitsidwa chaka chiti.

Amayi akuuza anzawo a kutchalitchi kuti a lekichala anayamikira tiyi. Chidebe chapamwamba akhuthula mchenga, akusungiramo madzi awo akumwa. Pepala langa alisiya pomwepo.

Tsopano palibe akukhudza.