Nyali ya a Alufeo pa Chulu

Kwathu kuno ku Kaphuka kulibe nyanja, ngakhale dziwe loti bakha n'kukhutira nalo. Komabe tinali ndi munthu amene ankada nkhawa tsiku ndi tsiku kuti sitima zapamadzi ziwomba phiri. Anali a Alufeo, anansi anga.

Bamboyu anakhala zaka zisanu ndi zitatu ku doko la Apwitikizi, kunyanja ya mchere. Ntchito yawo inali kukwera nsanja yaitali, kupukuta magalasi ndi kuyatsa nyali yoongolera sitima. Mbiri ya nsanjayo tonse tinaidziwa mosafuna: amene anaimanga, namondwe amene anaing'amba khoma, makwerero ake makumi asanu ndi anayi. Ukangowapatsa moni, basi wakwera nawo mpaka pamwamba.

Atabwerako anamanga nsanja yawo pa chulu cha kuseri kwa nyumba, ya mitengo ndi nsungwi, yopendekeka ngati nkhokwe ya mlesi. Dzuwa likangopendeka, mtima wawo unkakhala m'mwamba. Anathawapo pa maliro. Anathawapo pa mowa chipanda chili pakamwa, chinthu chimene ine sindinawakhululukire. Mafuta a nyaliyo ankaba a nsatsi, odzola akazi awo a Jesinta, moti mayiyo ankayenda ali mbuu chaka chonse.

"Kodi abambo, sitima yanuyo idzera m'munda mwa yani?" anafunsa a Jesinta tsiku lina.

"Woyatsa nyali safunsa amene akubwera," anatero a Alufeo. "Amangoyatsa."

Sitima zokha zimene zinafikapo zinali ngumbi. Mvula yoyamba ikagwa, amayi ankazungulira chulucho ndi malichero n'kumathokoza a Alufeo kuti katundu wafika bwino. Amene ankaseka kwambiri ndinali ine.

Kenaka nkhondo ya Azungu inafika, ndipo asilikali anatenga amuna athu kukasenza katundu. Damiano, mwana mmodzi yekhayo wa a Alufeo, anali nawo. Kuyambira pamenepo bamboyu ankayatsa dzuwa lili pamwamba, n'kumatsika kukwera, kutsika kukwera, poopa kuti chingwe cha nyali chafupika. Ankati Damiano akabwera m'nkhungu yathuyi osaona nyali, apitirira kwawo. Kuseka kunatha. A Jesinta anasiya kubisa mafuta, ndipo amayi ena anayamba kubweretsa awo m'timabade, osanena chifukwa chake.

Chimfine chachikulu chija chitabwera, a Alufeo anadwala n'kugona pamphasa osathanso kudzuka. Madzulo aliwonse funso linali limodzi: "Yayaka?" A Jesinta, amene ankaopa ngakhale makwerero a nkhokwe, ankakwera kukaiyatsa, n'kubwera kudzawayankha kuti yayaka.

Titawaika m'manda a Alufeo, sabata isanathe, anayi mwa amuna athu aja anatulukira m'nkhungu, owonda ngati mapesi. Anati anasochera kuphiri, n'kuona kamoto kali m'mwamba kosayenda, n'kukalondola. Damiano sanali pakati pawo, ndipo sankadziwa kumene anatsalira.

Masiku ano palibe amene amathawa pa mowa, ndipo mowawo sukoma. Dzuwa likapendeka tonse timangopezeka tacheukira ku chulu mpaka nyali iyake. Dzana ndinalimba mtima n'kufunsa a Jesinta ngati akukhulupiriradi kuti mwanayo adzabwera. Anandiyang'ana, n'kundipatsa kabade kopanda kanthu.

"M'malo mofunsa, a Ezara, kapezeni nsatsi."