Pini Yofiira pa Nkaya

Lolemba

Ndayamba ntchito. Ofesi yathu ya zofufuza pano pa Balaka ndi yachinsinsi, chitseko chilibe chikwangwani, koma mayi wa zitumbuwa wandilondolera yekha: "Kwa azimakutu? Kuseriko." Ntchito yathu ndi kusanthula mphekesera za oukira boma. Ine wa digiri yatsopano ndiziyang'anira akuluakulu atatu, Che Saidi, a Matola ndi a Likoswe, onse a msinkhu wa bambo anga. Akunditcha "bwana wamng'ono", ndipo "wamng'ono" ndiye akumveka bwino.

Zomwe ndapezamo: lipoti la mbuzi yosowa ku Phalula, ketulo, bawo pansi pa tebulo.

Loweruka kukubwera bwana wa ku likulu. Akuti kumeneko kuli mpando umodzi wofuna mnyamata wochangamuka. Mpandowo ndi wanga. Ine sindikalambira pano iyayi.

Lachiwiri

Malamulo anga atsopano:
1. Aliyense ali ndi kazitape wake. Asamuulule kwa mnzake, ngakhale kwa ine.
2. Aliyense azilemba payekha, osaonetsana.
3. Nkhani ikafanana kwa onse atatu ndiye kuti ndi yoona. Pini yofiira pa mapu, lipoti lipite ku likulu tsiku lomwelo, osadikira munthu.

A Likoswe akuti, "Kale timangofunsana pa tiyi, bwana wamng'ono." Vuto lake ndi lomwelo! Mapu ndakhoma. Mapini ndapempha kwa telala.

Ndaitana mmodzimmodzi n'kumunong'oneza kuti atumize munthu wake pa siteshoni ya Nkaya. Pokumana njanji, ina yochokera kumalire. Woukira wanzeru angadzere kuti kwina?

Lachitatu

Zatheka, tsiku limodzi lokha!

Che Saidi alemba: pa siteshoni pali amuna awiri, sitima sakwera, sakugulitsa kanthu, akungoyang'ana anthu. A Matola: amuna awiri, osakwera, ongoyang'ana. A Likoswe chimodzimodzi, n'kuwonjezera kuti mmodzi akutafuna nzimbe "mokayikitsa".

Maonekedwe okha ndiwo akusiyana pang'ono. Pali wa chisoti choyera, pali wa njinga, pali wa nzimbeyo. Ndaphatikiza bwinobwino monga tinaphunzirira: si awiri, ndi atatu. Gulu likukula ndili chikhalire.

Pini yofiira yoyamba. Ndaimba lamya ku likulu, ndakuwa mpaka pakhosi pauma, andimva. Atsegula fayilo: "Gulu la pa Nkaya". A Matola akuti zaka zonsezi sanaonepo zotere. Ndikudziwa.

Lachinayi

Mtsogoleri wabwino amakadzionera yekha. Ku ofesi ndanena kuti ndili ndi malungo. Ndavala chikhoti cha malume, magalasi akuda, ndagula nkhuku yoti ndinyamule ndioneke wapaulendo.

Nkaya kukutentha. Onse atatu alipo, aliyense pansi pa mtengo wake, akuyang'anana chammbali ngati sakudziwana. Ochenjera anthu awa. Ndapita kwa aliyense kukafunsa za nthawi ya sitima, motsitsa mawu, kuti ndimve malankhulidwe awo. Aliyense wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Wa nzimbe wandifunsa, "Achimwene, nkhukuyo mukupita nayo kuti?" Ndati kwa apongozi. Ndilibe ngakhale chibwenzi.

Nkhuku yandiipitsira chikhoti kawiri. Sitima yobwerera sinabwere. Ndagona kwa mphunzitsi wina, nkhuku ndamusiyira.

Lachisanu

Ndafika masana, Che Saidi atapita kale ku mzikiti. Pa mapu pali pini yofiira yachiwiri, yaikulu, sindikudziwa aipeza kuti.

Malipoti onse atatu agwirizananso: mtsogoleri wa gulu waonekera. Magalasi akuda, chikhoti, nkhuku. Analankhula ndi aliyense monong'ona, akuti kupereka malangizo. Nsapato zopolisha, za munthu amene khasu sakulidziwa.

Ndaseka mpaka misozi. Ndati ndibwezereni mapepalawo ndikonze pang'ono. A Matola, monyadira: "Apita kale pa basi ya m'mawa, bwana wamng'ono. Lamulo lachitatu."

Palibe vuto. Mawa ndifotokoza, bwana aseka, aona kuti ndine wakhama. Komabe nsapato ndasintha.

Loweruka

Bwana afika pa galimoto ndi asilikali. Athunthu, osaseka. Molunjika ku Nkaya. Amuna atatu aja tawapeza pa mitengo yawo yomweyo, sanathawe n'komwe.

Tikuwakweza, Che Saidi andikoka malaya: "Wa chisotiyo ndi wanga." Kenaka a Likoswe kukhutu lina: "Wa njingayo musamupweteke, ndi wanga." A Matola angoloza wa nzimbe ndi mlomo, n'kudziloza pachifuwa.

Ndiye kuti sabata yonse akazitape athu akhala akuzondana okhaokha, ine n'kumakhoma mapini.

Che Saidi ndiwo atipulumutsa. Auza bwana kuti atatuwa tawatembenuza kale, kuyambira lero azigwirira ntchito ife. Bwana akondwa, alamula kuti amasulidwe, awagulira ndi tiyi. Ndati mpata ndi uwu, ndinene za magalasi. Ndisanatsegule pakamwa bwana akuti, "Koma wa nkhukuyo ndikamugwira, abale ake adzaiwala nkhope yake." Wa nzimbe akundiyang'anitsitsa. Ndamugulira buledi ndekha.

Ponyamuka andigwira paphewa. "Ntchito yabwino, mnyamata. Munthu ngati inu sitingamuchotse pano nkhani ili pakati. Mpando uja tipatsa wina. Mukatigwirira mtsogoleriyo, tidzakambirana."

Ndathokoza. Ndawerama n'kuthokozanso kachiwiri.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, kumakhala anthu ambiri okwera sitima. Chikhoti ndachitumiza kwa malume ku Nsanama, magalasi ndaponya m'chimbudzi.

Zinthu zilili: ndikam'peza munthuyu, ndamangidwa. Ndikapanda kum'peza, ndikhala pa Balaka. Likulu likufuna lipoti la momwe kusakako kukuyendera mwezi uliwonse, lolemba ine.

Madzulo abwera a Matola ndi mbale yovindikira yochokera kwa mayi akunyumba: mpunga, nyama yambuzi yamafuta, mandasi pambali. Sanaseke, anthu achikulire ali ndi ulemu. Angoti, "Mu lipoti lija tinalembamonso kuti munthuyo ndi woonda. Idyani, bwana wamng'ono. Pakatha chaka palibe angakuganizireni."

Ndadya yonse. Akuti mawa ndi tsiku la akazi a Che Saidi kundiphikira.