Mmene ndinagonjetsera mbali yanga pa mtsutso wa fodya

Pa mitsutso yonse imene ndinalowapo ku koleji, pali umodzi umene anzanga sauiwala, ndipo tikakumana pa ukwati kapena pa maliro sipalephera wina woukumbutsa. Mbali yathu inagonja. Amene anaigonjetsa si a mbali inayo ayi. Ndi ineyo, ndili chilili pa maikolofoni, tayi ili pakhosi.

Nkhani yake inali ya fodya. Kusuta m'makalasi ndi m'mahositelo kunali koletsedwa kale, koma panja aliyense ankachita zake. Osuta anali ndi malo awo pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa laibulale, ndipo mphepo ikatembenuka utsi wonse unkalowa pa mawindo. Bungwe la ophunzira linakonza mtsutso: kodi kusuta kuletsedwe pa malo onse a koleji, ndi panja pomwe? Pamapeto anthu akweze manja, zotsatira zipite kwa akuluakulu a sukulu.

Mbali yofuna chiletso tinalipo awiri, ine ndi mtsikana wina dzina lake Tiyamike. Iyeyo ali ndi mphumu, moti mu laibulale ankayamba waona kumene mphepo ikupita asanasankhe mpando. Ine ndinalibe mphumu. Ndinali m'chaka chachiwiri cha utolankhani, ndipo ndinkakonda kumva mawu anga pa sipika (matendawa sanathe mpaka lero).

Pali mfundo ina yofunika kuidziwa. Bambo anga atamwalira, amene ananyamula sukulu yanga ndi amalume, achimwene awo a mayi. Amalume amalima fodya ku Phalombe. Fizi yanga, nsapato, tayi yomwe ndatchula ija, zonse zinatuluka m'mabelo. Nyengo ya msika amabwera ku okushoni ku Limbe n'kumagona kwathu ku Zingwangwa, ndipo sabata ya mtsutsoyo anali m'nyumba. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Mwana wa azakhali anga atayamba kujomba ku sekondale, amalume sanakalipe. Anangosiya kulipira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Choncho kunyumba ndinangonena kuti ndikalankhula pa nkhani ya zaumoyo. Sindinaname (pa ntchito yathu timadziwa kunena zoona zosakwana). Chimene ndinaiwala n'chakuti mayi anga akanyada sasunga. M'mawa umenewo, ine nditatuluka, anauza amalume kuti ine ndikukalankhula pamaso pa koleji yonse, ndipo popeza mabelo awo anali asanafike pa mzere, bwanji osapita kukaona kumene ndalama zawo zikupita.

Holo inadzaza. Ndinayamba bwino, ndipo ichi ndikufuna chilembedwe. Ndinafotokoza kuti utsi sudziwa malire, kuti wosasuta amene wakhala pafupi amapuma zomwezo, kuti ufulu wa munthu wa pansi pa mango umathera pa windo la laibulale. Ndinakweza chithunzi cha mapapo akuda. Atsikana a kutsogolo anaphimba kumaso. Tiyamike ankagwedeza mutu. Ndinali nditasunga chiganizo chimodzi chomenyera pamapeto, chimene ndinachiyeserera pagalasi sabata yonse, chonena za anthu amene amadya ndalama ya tsambali.

Ndinakweza maso kuti ndione ngati akumbuyo akundimva. Pa benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, panali jekete ya bulauni imene ndinaidziwa. Amalume anali atakhala mowongoka, chipewa chili pa mawondo, akundiyang'ana monga amayang'anira mitambo mu Novembala.

Chithunzi cha mapapo chinali chikadali m'mwamba, ndipo ndinachitsitsa pang'onopang'ono mpaka kuchibisa kuseli kwa tebulo. Kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, komabe, tisamafulumire kuweruza. Ndinati mapapo amada ndi zinthu zambiri, monga utsi wa mbaula ndi wa maminibasi a ku Ndirande. Apa ndikanatha kubwerera pa msewu, chifukwa anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Sindinabwerere. Ndinakumbutsa holo kuti fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno. Ndinati malata ambiri amene timawaona kumudzi ndi fodya, njinga ndi fodya, ndipo ena mwa ife takhala pa mabenchi ano chifukwa cha fodya.

Tiyamike anandiponda chala pansi pa tebulo. Ananong'ona osatsegula mano kuti, "Iwe, wapenga? Mutu ndi wa kusuta panja, si wa ulimi."

Ankanena zoona. Palibe amene anatchula mlimi. Koma ine ndinkangoona jekete ya bulauni, ndipo nkhope ya mwini wake sinasinthe, choncho ndinaganiza kuti sindinakwanitse kupepesa. Ndinawonjezera. Ndinati kuletsa munthu kusuta panja, pa mphepo ya Mulungu, n'kunyoza thukuta la makolo athu.

Yusufu, mnyamata wa ku Ndirande amene ankatsogolera mbali yokana chiletso, anaimirira n'kupempha wapampando kuti anenepo mawu amodzi. Anati mbali yawo ili ndi mpando wotsala, ndipo ngati achimwenewa atopa kuimirira kutsidyako, awoloke, tiyi aliponso. Holo inagwa ndi phwete. A pansi pa mango anayamba kumenya madesiki n'kumatchula dzina langa ngati ndagoletsa chigoli.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinafuna kutseka ndi mfundo yoyanjanitsa mbali zonse, ndiye ndinati koleji imange kakhumbi ka osuta, ka mabenchi ndi denga, pamalo amene anazolowera kale. Nditamaliza kunena m'pamene ndinakumbukira kuti malo amene anazolowerawo ndi pa windo la laibulale.

Tiyamike anayesetsa. Nthawi yake yonse inathera potsutsa ine, Yusufu atangopinda manja.

Kenako inafika nthawi yokweza manja. Wapampando anayamba ndi ofuna chiletso. Ndinayang'ana pansi, manja ali m'thumba, Tiyamike akundibaya ndi chigongono. Nditaba kuyang'ana kumbuyo, ndinaona dzanja la amalume lili m'mwamba, lowongoka ngati mlongoti, chipewa atachigwira ndi linalo (sanali wophunzira, koma palibe analimba mtima kuwauza). Mutu wanga unatenga kanthawi kuti umvetse zimene maso akuona. Utamvetsa ndinasolola dzanja n'kulikweza msangamsanga. Apo n'kuti wapampando atanena kale kuti tsopano okana chiletso. Anandiwerenga pamodzi ndi Yusufu. Chiletso chinagwa, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa moti sindifuna kukumbukira.

Tiyamike analongedza mapepala ake osandiyang'ana. Atafika pakhomo anatembenuka n'kunena kuti tsiku limene mphumu idzamugwire mu laibulale, adzauza anamwino kuti aitane ine ndidzamufotokozere za ndalama zakunja.

Ine ndi amalume tinakwera minibasi ya ku Zingwangwa. Kondakitala atatambasula dzanja, iwo analipira ya munthu mmodzi. Ndinapapasa m'matumba n'kulipira yanga, ndipo njira yonse ndinkaganiza za mwana wa azakhali uja, amene tsopano amagulitsa mayunitsi pa siteji.

Kunyumba mayi anatilandira ndi funso lakuti zayenda bwanji. Amalume anavula jekete, anaipachika pa mpando, n'kuyankha kuti ayamba afunsa kaye.

"Ine fizi ndimalipirira munthu mmodzi. Lero ndamva anthu awiri. Wanga ndi uti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ndinachita ulemu, kuti sindikanatha kunyoza fodya iwo ali pomwepo. Anandidula. Anati chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa, ndipo pakhomo pawo munthu woyatsa machesi pafupi ndi chigafa, mmene amaumitsira fodya, amachoka tsiku lomwelo ngakhale akhale mkamwini. Anati utsi umawapweteka mutu, ndipo mtsikana wa chifuwa uja anawamvetsa chisoni. Fodya amalima chifukwa ndi amene ali ndi msika. Nandolo akanakhala ndi mtengo wodalirika, bwenzi nditaphunzira ndi nandolo.

"Unandifunsapo?" anatero.

Sindinawafunsepo. Mtolankhani wa chaka chachiwiri, mwini nkhani akugona chipinda choyandikana ndi changa.

Kenako ananena kuti anawononga thiransipoti kudzamva zimene ndinakonza, ndipo sanazimve zonse. Anandiuza kuti ndiimirire ndimalize. Ndinaganiza kuti akuseka, koma amalume saseka masana. Mayi anazimitsa wailesi n'kukhala pa mkono wa sofa. Ndinaimirira pakati pa tebulo ndi kabati, tayi ikadali pakhosi, n'kuyambira pa mapapo paja. Nditayandikira chiganizo cha pagalasi chija ndinayesa kuchilumpha, koma amalume anati aona kuti ndameza kanthu, ndichilavule.

Ndinachinena ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. "Aliyense amene amadya ndalama ya tsamba ili adziwe kuti akudya mapapo a anthu ena."

Mayi anagwira pakamwa. Panja wina ankaitanira makala, ndipo ndinamva mawu ake mpaka anakhota ngodya. Amalume anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, zinthu zawo zonse.

"Ndiye kuti tikudya tonse," anatero. "Ndi mwano, koma ndi wako. Ukanaunena kuja bwenzi nditakwiya mpaka Loweruka. Zimene wachita zija ndikwiya nazo nthawi yaitali."

Fizi ya teremu yotsatira analipira. Anaipereka kwa mayi, osati kwa ine monga ankachitira kale, ndipo zinakhala choncho mpaka ndinamaliza.

Ndingakonde kunena kuti kuyambira pamenepo ndimanena zimene ndakonza, kaya kumbuyo kwakhala ndani. Zoona zake n'zakuti ndinasankha nyuzipepala osati wailesi, chifukwa owerenga suwaona nkhope. Koma amalume amagula nyuzipepala akabwera ku Limbe, ndipo nkhani iliyonse ya fodya imene ndalemba amaiwerenga mpaka pansi, kenako amaimba foni. Ikalira ndimaimirira.