Ndinayasama pamaso pa mkamwini

Pali manyazi ena oti ngakhale usambe ndi sopo sachoka. Anga ndinakawatola ndekha kuchipatala.

Maondo anga anakhala otupa kwa zaka, ndipo mlandu ndinkaupatsa madzi a m'munda wa mpunga ku Bwanje. Koma chinkhoswe cha mwana wanga Esinati chitayandikira ndinati ayi, mayi wa mwana sangakhale pamkeka anzake akuvina. Ndinakwera kabaza, ulendo kuchipatala.

Nditalowa m'chipinda ndinaima pakhomo. Pampando wa dokotala panali mkamwini wanga, yemwe uja anafunsira Esinati (ndinkadziwa kuti ndi wachipatala, koma palibe anandiuza kuti ndi chimenechi). Kwathu mpongozi akakumana ndi mkamwini panjira amapatukira kutchire. M'chipindamo tchire munalibe.

"Takulandirani amayi, chikuvuta n'chiyani?" anafunsa maso ali pansi.

Ndinaonetsa maondo nkhope ili kukhoma. Anawagwira, anafunsa izi ndi izo, kenaka anati, "Pepani amayi, tayasamani."

Ine kuyasama? Mano akumbuyo anali atabooka kalekale, nkhama zinkatuluka magazi, ndipo fungo ndinkalitchinga ndi chitenje (anthu ankati ndine waulemu kwambiri).

"Bambo, ndabwera ndi maondo," ndinatero. "Pakamwa palibe mlandu."

"Mlandu ungakhalepo, amayi. Nkhama zikamaola, tizilombo ta mmenemo timatulutsa poizoni amene amalowa m'magazi. Thupi limangokhalira kulimbana naye, ndiye kutupa ngati kwa maondoku kumatha kukulirakulira. Tikasiya m'kamwa, mapiritsi okha sangakwanitse."

Zaka zonsezi ndimatukwana mpunga wosalakwa, poizoni ndikumuphika ndekha m'kamwa? Ndinaganizira chinkhoswe, ndinatsinzina, n'kuyasama. Mwana wa eni anawalitsa tochi, ndipo ndinamva ndithu kuti wayamba wasiya kupuma.

Ananditumiza kwa dokotala wa mano ku boma, komwe anazula oolawo n'kutsuka nkhama. Maondo sanaphweretu, koma anandilola kuimirira. Pachinkhoswe ndinavina pang'onopang'ono, chitenje pakamwa chifukwa cha magweru.

Azakhali ake a mkamwini anaima n'kundiloza. "Taonani ulemu wa apongoziwa, sakufuna n'komwe mkamwini aone mano awo." Mkamwini anangowerama.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Koma mpaka lero anzanga akamwini awo amawabweretsera shuga, ine wanga akabwera kudzationa amagwada n'kundipatsa mswachi, ndipo ndimaulandira ndi manja awiri.