Nkhuku ya Mayi Woimba Pamaliro

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa poopa kuitanidwa kubwalo, munali mayi wotchedwa Nasibeko amene ankayambitsa nyimbo pamaliro. Palibe anamulemba ntchitoyi, ndipo palibe anam'patsapo ngakhale kasopo kochapira chitenje. Kungomveka kulira kwinakwake, iye ankasiya khasu pamzere pomwepo, ulendo. Anaimbira olemera, anaimbira osauka, anaimbira ngakhale aja ankamujeda kuti mawu ake ndi lipenga. Paja maliro n'kulirana.

Pambali pake sipankasowa mnzake Nangondo. Nasibeko akaponya nyimbo, Nangondo ndiye ankayamba kuvomera, amayi ena n'kutsatira. Kuyambitsa nyimbo Nangondo sanayesepo chibadwire, ankati mtima umamugunda.

Tsiku lina akuchokera kumanda, Nasibeko anati, "Anangondo, ine mudzi uno ndauperekeza ndi nyimbo. Ndikadzapita, musadzandinyamule mwakachetechete ngati nkhuku yofa ndi chitopa."

"Mukadzapita inu, adzayambitse ndani?"

"Mudzaona pomwepo."

Nthawi yokolola, Nasibeko anadwala pang'ono n'kutsikira kulichete. Anthu anakhamukira pasiwa kuchokera m'midzi yonse yozungulira, mpaka adzukulu okumba manda anachuluka kuposa makasu.

Tsono m'mudzimo munali a Bizaliele Nthambala, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Chitukuko, Maliro ndi Zogwa Mwadzidzidzi. Bambowa pamaliro ankafika nthawi ya zolankhula basi. Ankakhala pampando wandalema pansi pa mtengo wa mango, ndipo kumbali ya amayi sankayang'anako, ati khosi limawawa. Chimene ankachisamala ndi lamulo lakale lakuti wojomba pamaliro alipire nkhuku. Nkhukuzo komiti inkazisunga mosamala kwambiri, m'mimba mwa Wapampando.

Ataona khamu lija, a Nthambala malovu anadzaza m'kamwa. Anthu onsewa angobwera n'kubwerera osamva mawu a Wapampando? Anaitanitsa jenereta ndi masipika kuchokera kumsika, nalengeza kuti munthu wokoka anthu chonchi saimbiridwa ndi pakamwa wamba. Nyimbo zidzachokera m'makina, zakutauni, ndipo amayi akhale chete kuti asasokoneze makinawo.

Nangondo anapsa mtima, koma anakagwada ndithu.

"Bambo Wapampando, malemuwa anapempha kuti tiwaimbire."

"Mayi, nyimbo zilimo m'makinamu, zidzalira ponyamula bokosi. Inu ntchito yanu ndi kulira mwadongosolo."

Zolankhula zinayamba dzuwa lisanafike pamutu. A Nthambala anapereka ulemu kwa mipando yonse, kuyambira wawo womwe. Dzina la malemu anachita kunong'onezedwa ndi Mlembi wa komitiyo, koma atangolimva anapukuta m'maso ndi kampango.

"Mayi ameneyu ine ndinkadya naye m'mbale imodzi," anatero masipika akunjenjemera. "Anali mzati. Anali nsanamira. Anali, kunena mosapsatira, mzati weniweni."

Atatha mizatiyo anakhotera ku mlatho umene komiti yakhala ikufuna kumanga chiyambire, nafotokoza kutalika kwake ndi ubwino wake. Wachiwiri kwa Wapampando anaimirira kuthokoza Wapampando. Mlembi anaimirira kubwereza zimene ananena Wachiwiri, poganizira amene anali kugona. Wapampando anaimiriranso kuthokoza chifukwa chothokozedwa. Nthawi yonseyi jenereta inali kumwa petulo, osapuma.

Dzuwa litapendeka, adzukulu ananyamula bokosi. Mwini masipika anadina batani. Jenereta inatsokomola kawiri, n'kuzima. Petulo yense anali atathera m'mlatho.

Panagwa bata loti zii. Amayi anayang'anana, koma lamulo linali lamulo. Komanso, kunena zoona, maso awo ankangopita pamalo paja pankaima Nasibeko, kudikira kuti aponye nyimbo. Adzukulu anayamba kuyenda, ndipo chomveka chinali mapazi okha. Nangondo anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Mnzake uja, woperekeza mudzi wonse, ankapita ndithu ngati nkhuku yachitopa.

Batalo linawanyansanso a Nthambala, pakuti anthu a midzi ina anayamba kunong'onezana. Anadzuka pampando wandalema paja, natembenuza khosi lowawa lija kuyang'ana kwa amayi.

"Kodi mayi uja ali kuti?"

"Mayi uti, bambo?" anafunsa Mlembi.

"Wa mawu ngati lipenga uja. Amene amayamba nyimbo asanauzidwe, mpaka kutidula zolankhula. Maliro a anthu wamba sajomba, koma lero tikuika mzati wa mudzi iye wakhala kunyumba? Mwano umenewu. Mukamuuze kuti mawa m'mawa nkhuku ifike, ndipo ikhale tambala."

Wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko n'kuchisandutsa kulira. Apo Nangondo mantha anam'thera. Anaimirira, nthawi ino osagwada.

"Sanajombe, bambo. Ndiye anayamba kufika. Ndi uyo ali pamapewa a adzukuluyo, mnzanu wa m'mbale imodzi uja."

Atatero anatembenuka n'kuponya nyimbo. Inatuluka yopendama, yokwera kuposa pomwe Nasibeko ankaiyambira, koma amayi anailandira isanagwe. Abambo anaithira mawu okhuthala, alendo a midzi ina analowamo, ndipo adzukulu anayamba kuponda motsatira. Nangondo ankaimba misozi ili chuchuchu, mumtima akuti, "Mwaona, Anasibeko, ndaonera pomwepo." Pansi pa mango panatsala Wapampando ndi jenereta, onse awiri atazima.

Koma tisawanamizire akuluakulu kuti sayamika. M'mawa mwake komiti inakumana, inakambirana mozama, ndipo inapeza kuti malemuwo anafikadi pamaliro koma sanaimbe, chomwe ndi kujomba ndithu. Komabe, polemekeza ntchito yawo yaikulu, inagamula kuti tambala uja akhululukidwe.

Amenewo ndiwo malipiro oyamba amene Nasibeko analandira m'mudzimo.