Khomo Lakumaso kwa Dona Magalasi

Adzukulu anga amandiyesa munthu wolemekezeka chifukwa cha imvizi. Lero ndiulule nkhani imene ndakhala ndikuikwirira zaka zonsezi, poti mboni zake zonse zinatsogola kale. Mukaseka musekere kumbali, chifukwa manyazi ake sanandithebe.

Inali nthawi imene azungu anali asanachuluke, njinga ikadutsa mudzi wonse unkatuluka kudzaonerera. Ine Lazaro wa ku Chezi ndinali pa sukulu ya mishoni kumapiri a Dowa, kuphunzira zauphunzitsi. Titamaliza makalasi onse, anthu asanu ndi mmodzi tinatsalira kuti tiwonjezere maphunziro.

Ndiye kunabwera Dona wina wowonda, wa magalasi okhuthala, ife n'kungomutcha Dona Magalasi. Anabweretsa phunziro latsopano lotchedwa saikoloje, ati kuphunzira mmene mwana amaganizira. Anati atenga anthu anayi okha, ndipo amenewo ndiwo adzapatsidwe masukulu akuluakulu kuti aziyang'anira. Otsalawo, kubwerera kumudzi kukaimbitsa a-e-i-o-u pansi pa mtengo.

Atatu anawasankha tsiku lomwelo, malo achinayi anati aganize kaye. Woyamba kutchulidwa mukudziwa anali ndani? Simiyoni wa ku Kasakula! Simiyoni amene ndinkamuposa masamu chaka ndi chaka, munthu woti akafika pa leveni ankagwetsa maso n'kuyamba kuwerenga zala zakumapazi!

Osankhidwawo anapatsidwa kope ndi pensulo aliyense, ife tikukandabe sileti. Anali ndi shelefu yawoyawo ya mabuku, ife osakhudza. Ankagwira ngakhale wotchi ya Dona. Zonsezo ndikanapirira, koma mishoni inawapatsanso kanyumba kuseri kwa tchalitchi, ndipo kiyi wa khomo lakumaso anamusungitsa Simiyoni. Mkuluyo anamumangirira pachingwe m'khosi, kunja kwa malaya, kuti ndi wakhungu yemwe amve kulira kwake.

Tsiku lina ndinasuzumira pazenera. Mayo ine! Mpando wa khushoni, galasi lalikulu lodziyang'anira, tebulo, patebulopo chitini cha mabisiketi. Pansi panali zidole ndi timatabwa topaka utoto. Khoma lakumbuyo linakutidwa ndi nsalu yakuda yopyapyala, kuchokera kudenga mpaka pansi. Ndinati taonani ulemerero, khoma kuvala nsalu yatsopano ine malaya ali zigamba zokhazokha.

Madzulo ake ndinamupeza Simiyoni akusongola pensulo.

"Akulu, kodi mumatani m'kanyumba muja?"

"Timangokhala phee, n'kumaona."

"Kuona chiyani?"

"Dona analetsa kunena."

"Nanga mabisiketi aja?"

"Si athu amenewo, achimwene."

Si athu! Ndinamuyang'ana masaya. M'maso mwanga ankanenepa tsiku ndi tsiku, pamene ine chakudya chinasiya kundilowa. Ndinene zoona, ndinamuda mnyamata amene uja, ngakhale kayendedwe kake kankandinyansa.

Lachiwiri lina Dona anandiitana.

"Lazaro, Lachinayi mubwere ku kanyumba kathu, thu koloko. Mulowere khomo lakumbuyo. Mwakachetechete, osalankhula."

"Zikomo, Dona."

Pakamwa zikomo, mumtima moto. Khomo lakumbuyo? Kunyumba za azungu khomo lakumbuyo linali la ogulitsa mazira ndi otema nkhuni. Pamene Simiyoni ndinkamuona ndi maso angawa akutsegula lakumaso ngati bwana! Ndinati basi, iyeyu ndiye wanong'oneza Dona kuti ine ndizikawasesera ndi kuwatolera nyenyeswa. Ndinalumbira pali malemu agogo kuti ine mwana wa ku Chezi sindilowera kumbuyo ngati nkhuku.

Lachinayi ndinavala malaya a Sande, ndinadzola mafuta a nsatsi, ulendo. Ndinapeza khomo lakumaso lili lotsegula pang'ono, m'kati mopanda munthu. Ndinati Mulungu sagona, ndipo ndinalowa.

Ndinayamba ndi mpando. Khushoni ija kufewa kwake, abale! Ndinadzuka, ndinakhalanso, ndinadzuka, ndinakhalanso, kasanu konse. Kenaka ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula chitini. Ndinati ndilawe imodzi yokha. Yachiwiri inabwera yokha. Yachisanu ndi chiwiri ndinaiika m'thumba kuti ndikadyere pamaso pa anzanga otsala.

Cha kunsalu kuja ndinamva kakuti kwe-kwe-kwe, ngati chinachake chikukanda pepala. Ndinati ha, ndi makoswe omwe a muno amadya bwino.

Ndinaima pagalasi. Kanali koyamba kudziona thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinatembenuka, ndinayang'ana nkhongo, ndinatulutsa mano.

"Lazaro, ndiwe chiphadzuwa cha mwamuna," ndinatero mokweza. "Simiyoni angafike apa ndi mutu wake uja ngati dzungu?"

Pansi panali chidole cha nsanza cha mutu waukulu. Kufanana kwake! Ndinachikhazika patebulo.

"Simiyoni, imirira! Seveni kuwonjezera faifi?"

Ndinayankha ndekha ndi mawu aang'ono: "Sindidziwa, bwana Lazaro, zala zandithera."

"Nanga kiyi anakupatsa bwanji?"

"Ndinanyengerera, bwana!"

"Waulula! Mbuzi ya ku Kasakula!"

Ndinachikhoma chibakera pamutu, pho! Kuseri kunamveka kutsokomola, kawiri. Ndinaima pang'ono, n'kuganiza kuti ndi nkhosa za mishoni zikudya kumbuyo kwa khoma. Ndinapitiriza.

Apa ndiye Satana anandikwera pamsana. Ndinatola timphete tiwiri tamatabwa, ndinatiika m'maso ngati magalasi, ndinakweza mphuno, n'kuyamba kuyenda mwa Dona, timasitepe tating'onoting'ono.

"Oo, Lazaro! Yu a veri kileva! Ine kulakwa kwambiri kusankha Simiyoni. Tengani kiyi, tengani wotchi, tengani bisiketi yonse!"

Ndinagwada n'kudzithokoza ndekha ndi m'manja momwe. Ndinaponya chidole pakona, ndinachilozera chala kuti chisatembenuke, ndipo ndinatsika chimtali pakati pa chipinda, chiuno chonse, ine munthu wa m'kwaya.

Nsalu ija inangoti psuu, kukokedwera pambali!

Kunalibe khoma. Kuseri kwake kunali kachipinda kamdima, ndi benchi lalitali. Pabenchipo panali Dona Magalasi, wotchi ili m'manja, ndi ophunzira atatu aja, aliyense pensulo ili pakope. Awiri anali ataluma malaya kuti asaphulike. Simiyoni anangozolika, kuyang'ana pansi.

Ine chiuno chinaumira kumanzere komwe chinali. Timphete tija tinagwa, n'kugubuduzika mpaka pamapazi a Dona.

"Lazaro," anatero Dona modekha, "chipinda chimenecho ndi cha ana. Ife timakhala kuno kumdima. Ife tiona mwana, mwana saona ife. Tinali kudikira mwana."

Kenaka anatembenukira kwa Simiyoni.

"Simiyoni, werengani zimene mwalemba."

"Dona, chonde..."

"Werengani."

Simiyoni anaimirira n'kuyamba kuwerenga. "Walowa. Wayesa mpando kasanu. Wadya mabisiketi sikisi, imodzi waika m'thumba. Wadzitamanda pagalasi. Wamenya chidole n'kuchitcha dzina langa. Wavina." Anakweza maso. "Ndinatsokomola kawiri, achimwene, kuti mudziwe. Kachitatu Dona anandigwira mkono."

Chimenecho ndiye chinandipweteka kuposa kuseka kwa enawo. Munthu amene ndangomutcha mbuzi ndiye ankafuna kundipulumutsa.

Kenaka ndinaona kumapeto kwa benchi. Panali malo opanda munthu, ndipo pamalopo panali kope latsopano ndi pensulo yosongoka bwino. Pachikuto panalembedwa ndi dzanja la Dona: LAZARO. Malo achinayi aja anali anga kale! Chimene chinkafunika n'kungozungulira nyumba, masitepe khumi okha. Simiyoni ankatsegula kumaso kuti akonzere ana, iye n'kuzungulira kumbuyo ngati wina aliyense.

Dona anatola kopelo n'kulikhwatcha dzina pamaso panga.

"Woona ana ayenera kumvera ndi kukhala chete. Malo awa tipatsa wina."

Ndinagwa pansi, ulendo uno kugwada kwenikweni. "Dona, ndichitireni chifundo! Ndikanena chiyani kwathu ku Chezi? Ndiloleni ndizibwera, ngakhale kudzasesa kokha!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kenaka anatsegula kope lake, masamba anayi odzaza.

"Kubwera muzibwera, Lazaro, Lachinayi lililonse. Koma muzilowera khomo lakumaso lomwelo. Ana enawa amachita manyazi, mwezi wonse sitinalembe zambiri ngati lero!"

Wansanje amaona zonse za mnzake, chimene saona n'chakuti naye akuonedwa.